Mpweya woseketsa, jakisoni wa dzanzi kapena kugonekedwa: chimachepetsadi ululu n'chiti pochotsa mimba yaing'ono?

Kuchotsa mimba ya masabata osapitirira 14 ndi chipangizo choyamwa ndi ntchito yaifupi, kawirikawiri ya mphindi 5 mpaka 10. Koma mphindi zimenezo zimawawa, ndipo amayi ambiri akafunsidwa amati ululu wake ndi wapakati kapena waukulu ndithu. Chipangizo chomwechi, chimene azachipatala amachitcha MVA, ndicho chimagwiranso ntchito pa mayi amene wapita padera zina n'kutsalira m'kati, kuja timati akamukolopa. Nkhani ya ululuyi choncho si ya amene asankha kuchotsa mimba okha. Ikukhudza mayi aliyense amene tsiku lina angagone pa bedi limenelo, ngakhale uja anali atayamba kale kugula nsalu za mwana.

Zaka zapitazi madokotala ena akhala akuyesa mpweya wa nitrous oxide, umene ambiri amaudziwa kuti mpweya woseketsa, kuti aone ngati ungathandize pa ntchitoyi. Ine ndikuona kuti mpweyawu uli ndi malo ake, koma ndi ochepa kuposa mmene kutchuka kwake kumasonyezera, ndipo pali njira yotchipa kwambiri imene imauposa. Kuti izi zimveke, tiyambe ndi kumene ululuwo umachokera.

Wazachipatala amayamba ndi kuika chitsulo chotsegulira njira, kenaka amagwira khomo la chiberekero ndi kapani kuti lisasunthe. Akatero amakulitsa khomolo pang'onopang'ono, n'kulowetsa kapaipi kapulasitiki kolumikizidwa ku sirinji yaikulu ya mamililita 60. Poyamwa, chiberekero chimadzikunga mwamphamvu, ndipo kupotokola kumakula kwambiri chakumapeto, pamene m'kati mwatsala pang'ono kuyera. Mitsempha yotengera ululu wa pakhomo imadutsa m'mbali mwa khomolo, pafupi pomwe singano ingafike. Ya kumtunda kwa chiberekero imadzera njira ina, kutali. N'chifukwa chake palibe mankhwala amodzi amene amagwira paliponse pokhapokha munthu atagonekedwa tulo ndi mankhwala.

Mpweya woseketsa

Mpweyawu ndi wakale. Joseph Priestley anaupeza mu 1772, Humphry Davy anaupuma yekha kumapeto kwa zaka za m'ma 1790 n'kulemba kuti ungathandize pa maopaleshoni, ndipo mu 1844 dokotala wa mano Horace Wells wa ku Hartford ku America anazulitsa dzino lake ataupuma. Ku Britain, Michael Tunstall wa ku Aberdeen ndiye anabweretsa mu 1961 silinda imodzi yokhala ndi theka nitrous oxide theka okosijeni, imene lero imatchedwa Entonox. Mlongo wathu aliyense amene anachirirapo ku chipatala cha ku Britain amaidziwa, chifukwa m'zipinda zochirira za kumeneko simusowa paipi yake pambali pa bedi.

Ubwino wake ndi woonekeratu, ndipo sindikufuna kuupeputsa. Umayamba kugwira munthu asanathe mphindi imodzi akuupuma, ndipo akangosiya umatuluka m'thupi kudzera m'mapapo pa mphindi zochepa. Sufuna singano ya pamtsempha. Mayi amagwira yekha chopumiracho, kotero akayamba kuwodzera dzanja limagwa, mpweya n'kuleka kulowa. Amamva zonse zimene akuuzidwa, amatha kuyankha, ndipo patapita kanthawi amadzuka n'kuyenda yekha osafuna womuperekeza. Kwa mayi amene wabwera mobisa, amene sangauze wina aliyense kuti adzamutenge, chimenechi si chinthu chaching'ono.

Funso lenileni ndi lakuti kodi umachepetsa ululu wa ntchito imeneyi? Apa ndi pomwe pali vuto. Ku Hong Kong mu 2006 ofufuza anagawa amayi 90 m'magulu awiri, ena akupuma Entonox, ena mpweya wamba, osadziwa kuti wapatsidwa uti ndani. Ululu sunasiyane. Ku France mu 2012 anayesanso pa amayi amene ankachotsedwa mimba atabayidwa jakisoni wa dzanzi, ndipo zotsatira zake zinali zomwezo. Ena anaganiza kuti mwina theka ndi theka ndi wofooka, choncho madokotala a ku University of New Mexico ku America anakweza mlingo kufika magawo 70 pa 100 alionse. Mu 2017 anafalitsa zimene anapeza pa amayi 140, poyerekeza mpweyawu ndi mapiritsi oziziritsa thupi: sunapose mapiritsiwo. Chaka chotsatira, gulu la kumeneko linayerekeza mpweyawu ndi mankhwala a pamtsempha pa mimba zokulirapo, za masabata 12 mpaka 16, ndipo kafukufukuyo anamuimitsa asanathe chifukwa zinaoneka kale kuti mpweya ukulephera.

Maiko atatu osiyana, milingo yosiyana, yankho limodzi. Ndimaona kuti chifukwa chake n'chomveka. Pobereka, ululu umabwera ndi kupita, ndipo mayi amaphunzira kuyamba kupuma kupotokola kukamayandikira kuti mpweya ukumane nako pachimake. Pochotsa mimba palibe nthawi yophunzirira. Ululu umabwera motsatizana, wakuthwa, ndipo mayi amene akumva kuwawa amagwira mpweya m'chifuwa kapena kupuma mwaphuma, pamene mankhwalawa amafuna kupuma kozama, kosadukiza. Komanso nitrous oxide payekha ndi mankhwala ofooka. Amachititsa kuti munthu amve ngati ululu uli patali pang'ono, koma saudula.

Alinso ndi zovuta zake. Chizungulire, nseru, nthawi zina kusanza, ndipo ena sakonda kumva ngati akuyandama. Mpweyawu umafooketsa vitamini B12 m'thupi, kotero munthu amene vitaminiyu ndi wochepa kale, kapena amene amaupuma kawirikawiri pofuna kuledzera, sayenera kupatsidwa. Umalowanso msanga paliponse m'thupi pamene patsekeredwa mpweya n'kupatupitsa, choncho ndi woopsa kwa amene mapapo anaphwa, matumbo anatsekeka, kapena anachitidwa opaleshoni ya m'khutu kapena ya m'diso posachedwa. Anamwino amene amakhala m'chipindamo tsiku ndi tsiku nawonso amaupuma ngati mulibe chokokera mpweya kunja, ndipo zipatala zina za ku England zinaimitsako Entonox kwa kanthawi m'zipinda zochirira pa chifukwa chimenechi. Onjezanipo mtengo wa masilinda, kuwanyamula ndi kuwadzazitsa.

Kodi ndiye ngwachabe? Ayi. Mayi amene akunjenjemera ndi mantha, amene sangalole n'komwe kuti chitsulo chimukhudze, angathandizidwe ndi kukhala ndi chinthu m'manja chimene akuchilamulira yekha, ndi kuika maganizo pa kupuma. Ngati mpweyawu ulipo ndipo mukuufuna, upumeni. Chimene ndikukana ndi chakuti wina akupatseni chopumira n'kunena kuti basi zakwana.

Jakisoni wa dzanzi pakhomo la chiberekero

Iyi ndiyo njira imene ili ndi umboni wolimba, ndipo ndi imene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa m'malangizo ake a 2022. Wazachipatala amatenga mamililita 20 a lidocaine wa 1 peresenti, mankhwala omwe aja amabaya posoka bala kapena pozula dzino. Amabaya pang'ono pamalo pogwira ndi kapani, kenaka otsalawo amawabaya m'mbali mwa khomo, mozama pafupifupi masentimita atatu, pomwe pamadutsa mitsempha ija.

Kwa zaka zambiri madokotala ankabaya jakisoniyu mwachizolowezi chabe, osadziwa bwino ngati amagwiradi. Mu 2012 Regina Renner ndi anzake ku Oregon ku America anayesa pa amayi 120, ena kuwabaya jakisoni weniweni, ena kungonamizira. Pa sikelo yoyambira 0 kufika 100, ululu wa pokulitsa khomo unali pa 42 kwa obayidwa ndi 79 kwa osabayidwa. Poyamwa unali pa 63 ndi 89. Tayerekezani ndi mpweya uja, umene m'mayeso ake onse sunasunthe muyezo.

Manambala amenewa akunenanso zina zimene tiyenera kuvomereza. 63 si 0. Jakisoniyu amagwira bwino pakhomo, koma kupotokola kwa kumtunda amangokuchepetsa. Ndipo kubaya kwenikweniko kumawawa: m'kafukufuku yemweyo obayidwa anamva kuwawa kwambiri pa nthawi yobayayo kuposa onamiziridwa. Mayi ayenera kuuzidwa zimenezi asanagone pa bedi, chifukwa ululu umene waudzidzimukira umawawa koposa umene unauyembekeza.

Kuopsa kwake n'kochepa ngati wobayayo ali wosamala. Mlingo usapitirire mamiligalamu 200, ndipo asanakankhe mankhwala amayamba wakoka sirinji kuti aone ngati singano sinalowe mumtsempha wa magazi. Mukamva kulira m'makutu, dzanzi pamilomo, kapena kukoma kwa chitsulo m'kamwa, nenani nthawi yomweyo. Kawirikawiri zimatha zokha pa mphindi zochepa, koma wazachipatala ayenera kudziwa. Jakisoniyu safuna magetsi, safuna dokotala wogoneka anthu, ndipo mzamba kapena namwino wophunzitsidwa amatha kumubaya bwinobwino.

Mapiritsi

Ibuprofen, uja ambiri timangoti bulufeni, ndi mnzake wa jakisoniyu. Amamwedwa mamiligalamu 400 mpaka 800 kutatsala theka la ola kapena ola limodzi. Chiberekero chikamadzikunga chimatulutsa timadzi totchedwa prostaglandin, tomwe timachititsanso kupweteka kwa msambo, ndipo ibuprofen amatsekereza timadzi timeneti. Phindu lake lalikulu limaoneka chakumapeto ndi pambuyo pa ntchito, pamene mayi ali m'chipinda chopumulira ndi panjira yobwerera kunyumba. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, kapena mphumu imene imayambika ndi asipirini, anene msanga.

Panado payekha sakwanira pa ululu wotere. Ndi wothandiza kwa amene sangamwe ibuprofen, koma asakhale ndiye chitetezo chokha.

Mapiritsi amphamvu amakhumudwitsa. Ku America anayesa mu 2012 kuonjezera hydrocodone, mankhwala a m'gulu la morphine, pamwamba pa jakisoni wa dzanzi ndi ibuprofen. Ululu sunatsike, koma nseru inachuluka. Mapiritsi a midazolam anachepetsa nkhawa koma osati ululu. Diazepam ndi lorazepam ali m'gulu lomwelo: amaziziritsa mtima, amagonetsa, koma si opha ululu. Izi n'zofunika kuzidziwa chifukwa m'malo ambiri mayi amapatsidwa diazepam n'kuonedwa ngati wathandizidwa, pomwe wangofooketsedwa kuti asalire mokweza.

Mankhwala a pamtsempha ndi kugonekedwa

Kwa amene akufuna kumva ululu wochepetsetsa koma osagonekedwa, njira yamphamvu ndi mankhwala a pamtsempha, kawirikawiri fentanyl ndi midazolam pamodzi. Mayi amakhala ngati ali pakati pa tulo ndi maso, amapuma yekha, amayankha akaitanidwa, ndipo ambiri sakumbukira zambiri pambuyo pake. Poyerekeza ndi mapiritsi, njira imeneyi inaoneka kuti imatsitsadi ululu, ndipo WHO imati kumene ilipo iperekedwe pamodzi ndi jakisoni wa dzanzi, osati m'malo mwake.

Mtengo wake suli pa mankhwala okha. Awiriwa akaphatikizana amatha kuchedwetsa kupuma, choncho pamafunika munthu wina amene ntchito yake ndi kuyang'anira mayiyo basi, kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni, okosijeni weniweniyo, ndi mankhwala obwezeretsa monga naloxone. Mayi amakhalitsa pachipatala, sayendetsa galimoto tsiku limenelo, ndipo amafunika womuperekeza. Pamalo pomwe namwino ali yekha ndi mzere wa anthu panja, njira imeneyi ndi yoopsa kuposa ululu umene ikuthetsa.

Kugonekedwa kwathunthu kufiyeta kumachotsa ululu wonse pa nthawi ya ntchito, ndipo ena amakufuna, makamaka ogwiriridwa kapena atsikana aang'ono amene sangapirire kukhala maso. Kwa anthu otere ndi koyenera. Koma WHO imaletsa kuti kukhale kwachizolowezi pa mimba yaing'ono. Mipweya ina yogonetsera imalefula chiberekero n'kuchulukitsa magazi otayika, munthu amayenera kusala chakudya maola angapo, ndipo mayi wotaya magazi amene akanathandizidwa pa mphindi khumi m'chipinda wamba amadikirira fiyeta yomwe ili ndi mzere wa amayi ofuna kung'ambidwa pobereka.

Munthu wa pambali

Pali chinthu china chimene sichili m'botolo. Mantha amakulitsa ululu, ndipo kafukufuku waonetsa mobwerezabwereza kuti amayi amene amalowa ali ndi nkhawa yaikulu, achichepere, ndi amene msambo umawapweteka kwambiri, ndiwo amamva kuwawa koposa. Munthu woima kumutu kwa bedi, womugwira dzanja, womuuza kuti tsopano mumva kubaya, tsopano kwatsala pang'ono, amasintha mmene mayi amadutsira mphindi zimenezo. Pamene ofufuza anayesa kuika mayi wophunzitsidwa ntchito yolimbikitsayi, manambala a ululu sanatsike kwenikweni, koma pafupifupi amayi onse anati angafune kuti anzawonso akhale naye. Botolo la madzi ofunda pamimba limathandizanso ena.

Koma apa ndilankhule mosabisa. Mawu okoma anakhalapo chophimbira kusowa kwa mankhwala. M'maiko ena a mu Africa muno njira yongolankhula ndi mayi inkaphunzitsidwa ngati yokwanira payokha, ndipo amayi ambiri anakolopedwa opanda dzanzi lililonse. Choipitsitsa ndi mtima wakuti amene anadzichotsa yekha mimba amve kuwawa kuti asadzayambirenso. Ululu si chilango chimene chipatala chinapatsidwa kuti chipereke. Ndipo mayi amene wamva kwa mnzake kuti kumeneko amakolopa ukukuwa, amakhala kunyumba ndi malungo ndi fungo mpaka matenda atalowa m'magazi.

Kumene muli ndiko kumasankha

Ku Britain, kumene lamulo la 1967 limalola kuchotsa mimba pa zifukwa zingapo, njira zonsezi zimapezeka, ndipo Entonox amakonda kuipereka kwa ochotsedwa ali maso, kuphatikizapo opita padera. Ngati muli kumeneko, landirani mpweyawo ngati chowonjezera, koma funsani ngati akubayani jakisoni wa dzanzi ndi ngati mwapatsidwa ibuprofen. Ngati mukudzidziwa kuti simupirira, pemphani za pamtsempha pa tsiku lolembetsa, osati muli kale pa bedi, chifukwa zimafuna kukonzekera. Ku South Africa lamulo la 1996 limalola mayi kusankha yekha mpaka masabata 12, ndipo azamba ndi anamwino ophunzitsidwa ndiwo amachita zambiri mwa ntchito zimenezi ndi MVA. Ku Mozambique malamulo anasintha mu 2014 n'kulolanso mpaka masabata 12. Ku Zambia lamulo la 1972 limalola pa zifukwa za umoyo wa mayi, wa ana ake, ndi wa mwana woyembekezeredwayo, madokotala atavomereza.

Ku Malawi, malamulo a milandu amaletsa kuchotsa mimba kupatula pofuna kupulumutsa moyo wa mayi, ndipo bilu yofuna kuwonjezera zifukwa inakanidwa kukambidwa m'Nyumba ya Malamulo mu 2021. Koma chithandizo cha mayi amene wapita padera kapena wabwera ndi zovuta atachotsa mimba n'chololedwa ndipo chimaperekedwa m'zipatala za boma ndi za mishoni. Ofufuza a Guttmacher Institute ndi College of Medicine anayerekeza kuti mu 2015 mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'dziko muno, ndipo pafupifupi 60 pa 100 zilizonse zinadzetsa mavuto ofunika chipatala. Amayi amenewa, pamodzi ndi opita padera mwachilengedwe, ndiwo amadzaza mabedi a m'mawodi a amayi. Kwa iwo kukambirana za masilinda a nitrous oxide kuli ngati kukangana za mtundu wa penti nyumba isanafoleredwe. Lidocaine ali kale m'zipatala zathu, azamba amamugwiritsa ntchito posoka amayi ong'ambika pobereka. Chimene chimasowa nthawi zambiri ndi singano yaitali yofikira pakhomo la chiberekero, maphunziro a kabayidwe kake, ndi mphindi zochepa zoonjezera zimene wazachipatala wotopa safuna kutaya. Zonsezi n'zotchipa kuposa silinda imodzi.

Mkulu wa chipatala amene ali ndi ndalama zochepa ayambe ndi zimenezo: singano, lidocaine wosatha m'sitolo, ibuprofen woperekedwa nthawi yabwino osati mayi akukwera kale pa bedi, ndi munthu wachiwiri m'chipinda. Akakhala ndi zida zoyang'anira kupuma ndi antchito okwanira, aonjeze za pamtsempha. Mpweya woseketsa ubwere pomalizira, ndipo amene akuupereka anene zoona, kuti ungachepetse mantha koma sunaonetse kuti umachepetsa ululu wa ntchitoyi.

Inu mayi, kapena inu amene mwaperekeza mchemwali wanu, muli ndi ufulu wofunsa musanavule kuti, "Kodi mundipatsa chiyani cha ululu?" Nenani ngati mankhwala ena amakuwengani, ngati muli ndi mphumu, kapena ngati munadwalapo matenda a kugwa. Ntchito ili m'kati, ululu ukapitirira, nenani kuti aime kaye, chifukwa nthawi zambiri kuima kwa mphindi imodzi sikuononga kanthu pokhapokha magazi akutuluka kwambiri. Mukafika kunyumba, kupotokola ngati kwa msambo kwa tsiku limodzi kapena awiri n'koyembekezeka ndipo ibuprofen amakugwira. Ululu umene ukukulirakulira, kutentha thupi, chikazi chonunkha, kapena magazi onyowetsa mapadi awiri pa ola kwa maola awiri otsatizana, zimenezo si za mapiritsi: bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.